Mizere iwiri ya poka

Amayi, kaya muli bwanji kumeneko?

Kuno ku Perth tilipo. Mpongozi wanu Esinati akusamalirabe okalamba ku Midland. Tadala, mdzukulu wanu uja munamusiya akuguluka mano, watalika kundiposa, ndipo masamu ndiye kudya kwake. Ku Dedza achemwali ali ndi mwana wamwamuna, mbatatesi nayonso akuti yachita bwino.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba. Tsiku lovundukula chiliza chanu sindinabwere. Abale ndinawauza kuti kuntchito andimana tchuthi. Linali bodza, Amayi. Ndalama ya ndege ndinatchovera juga ya makhadi pa kompyuta, yotchedwa poka.

Ine sindinkaitcha juga ayi. Kompyuta inkandijambulira galafu ya mizere iwiri. Wobiriwira unkasonyeza ndalama zimene ndawina kapena kuluza. Wachikasu unkasonyeza zimene ndikanakhala nazo pakanapanda mwayi kapena tsoka. Wachikasuwo unkakhala pamwamba pa wobiriwira, ndiye ndinkati kusewera ndimatha, langokhala tsoka, zibwerera. Paja inu mukabwerako kumsika tomato atatsala munkati, "Malonda sawaweruza ndi tsiku limodzi." Mawu anu abwinowo ndiwo ndinkadzinamiza nawo.

Loweruka masana ndinamuonetsa Esinati galafuyo kuti mwina mtima wake utsike. Tadala anabwera kudzasuzumira, n'kulondola mzere wachikasu ndi chala kuyambira poyambirira. Anayankhula m'Chingerezi chake chija, mosakweza mawu: "Adadi, wachikasunso ukutsika. Uli kunsi kwa ziro. Ngakhale popanda tsoka mukanaluzabe, kungoti pang'onopang'ono."

Esinati anangotola mbale patebulo n'kulowa kukhitchini. Zaka ziwiri zonsezi ndinkangoyang'ana mpata wa pakati pa mizereyo, osaona kumene yonse iwiri ikulowera. Mwana wanga anaziona asanakhale n'komwe pansi. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Akaunti yanga ya poka ndinaitseka Tadala ali pomwepo. Khadi la kubanki akusunga Esinati. Dzulo ndinawaimbira achemwali n'kuwauza zoona. Anangoti dzina langa analilemba ndithu pa chiliza pamodzi ndi ana anu ena. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Mvula ikatha ndibwera ndi Tadala. Ndidzalambula ndekha pamanda panu, ndipo zonsezi ndidzazinenanso ndi pakamwa, nditagwada.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Limbani