Mpando wa M'chipinda cha Atelala

Lolemba, 3 Malichi

Atelala aima okha lero. Anagwira msana wa mpando wathabwa wa m'chipinda mwawo, n'kudzikoka, n'kuusiya. Manja m'malere. Chibwerere kuno ndi sitiroko yawo, m'mawa uliwonse ine ndi iwo pa mafizo olimbitsa miyendo, lero ndiye izi. Misozi inalengeza, koma ndinangowauza kuti awongole bondo. Akuti ndine wovuta kuposa kasitomala wa diresi laukwati.

Ndinathamanga kukauza a Matroni. Sanamwetulire. Anangodzuka n'kutseka chitseko cha ofesi.

Lachiwiri, 4 Malichi

Zinthu zoti ndimazidziwa kale, ndimangozikankhira kumbali. Lamulo limakakamiza boma kulipirira bedi, chakudya ndi mankhwala a aliyense wosatha kuyenda yekha m'nyumba yosamalira odwala ngati yathuyi. Lingachedwe, koma silingakane. Tsono munthu akangodutsa chipinda ndi miyendo yake, thandizo latha, bedi lipite kwa wina. Woyeza wa ku boma akubwera Lachinayi sabata yamawa.

A Matroni: "Mwanawe, ntchito yako ndi yabwino, koma taipumitsa kaye." Anawonjezera kuti malipiro athu amachokera m'thumba lomwelo. Ngati ndinaiwala. Lendi ili pakhosi.

Ku yunivesite palibe anatiuza chochita wodwala akachira pa nthawi yolakwika.

Lachisanu, 7 Malichi

Mwana wamkazi wa Atelala anabwera ndi malalanje. Amakhala m'chipinda chimodzi pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, iye ndi ana ake. Chimbudzi chili pansi. Masitepe opanda pogwira. Tsiku lonse amakhala ku shopu komwe amagulitsa. Bambo akewo azidzatsala ndi ndani?

Anandikokera pakhonde n'kufunsa ngati n'zoona kuti ayamba kuyenda. Nkhope yake inasowa chochita, kusekerera kapena kuopa. Ndinati akungoyesera. Bodza? Theka.

Lolemba, 10 Malichi

Mafizo sindinawachititse Atelala. Ndinati bondo lipume. Anandiyang'ana ngati nsalu yodulidwa mokhota.

Masana ndinawapeza pawindo, atayenda okha kuchoka pabedi, akusokerera batani pa malaya a mnzawo wa chipinda china. Akuti pabedi sipawala.

Ndinawafotokozera zonse, za lamulo, za woyeza. Anamvetsera ulusi uli kukamwa. "Ndiye mukuti ndikhale phee ngati katundu? Chabwino adokotala, kukhala ndimatha. Moyo wanga wonse ndakhalira makina."

Ine si dokotala. Ndawauza mpaka ndatopa.

Lachitatu, 12 Malichi

A Matroni alamula kuti tichotse m'chipinda cha Atelala chilichonse chonunkha mafizo. Ndodo, lamba wogwirira m'chiuno, ndi mpando uja, poti msana wake wachita kunyezimira ndi manja awo. Ndinaunyamula ndekha, n'kuusiya panja pa chitseko.

Madzulo ndinaimbira achemwali anga. Achemwali pa foni akuti vuto langa ndi kuganizira zinthu mpaka zivunde. Kaya. Ndikuteteza Atelala kapena ntchito yanga? Ndipo kwinakwake kuli munthu wogona pansi, wosatha ngakhale kutembenuka, akudikira bedi lomweli. Nkhope yake sindiidziwa, n'chifukwa chake n'kosavuta.

Lachinayi, 13 Malichi



Woyeza uja ndi mayi wachitsikana, ali ndi pakati potopa. Basi inamusiya kutali. Anafika ali wefuwefu, mapazi atatupa m'nsapato. Tinalowa naye ine ndi a Matroni. Atelala pa njinga yawo ya olumala, bulangete pamiyendo, monga tinapanganira.

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Palibe. Bedi lathu ndi lalitali, sakanakwera. Anatsamira khoma n'kuyamba mafunso chiimirire.

Ndinaona Atelala akuyang'ana mapazi aja. Mayankho awo akunka nafupika. Ndinapukusa mutu pang'ono. Anandiona, ndikutsimikiza.

Anachotsa bulangete, n'kulipinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Anaimirira. Chipinda chonse anadutsa, phazi lamanzere likukwekwereza pang'ono, chidendene patsogolo monga ndinawaphunzitsira. Anatuluka, n'kubwera akukoka mpando.

"Khalani apa, mayi. Munthu wapakati saimirira ine nditakhala."

A Matroni maso kudenga. Ine ndinangozindikira ndili kumbuyo kwa Atelala, dzanja pafupi ndi msana wawo, osakhudza. Chizolowezi. Ndipo mumtima, Mulungu andikhululukire, ndinali kunyadira chidendene chija.

Mayiyo anakhala. Cholembera anachigwira nthawi yaitali osalemba. Kenako anapepesa, akuti zimene waona ndi maso sangazibise. Bedi mpaka kutha kwa mwezi uno.

Mpandowo ndinautulutsa ndine dzulo.

Lachisanu, 14 Malichi

A Matroni sakundiyankhula. Moni wanga anayankha ndi mphuno.

Mwana wa Atelala analira pa foni. Kenako anafunsa ngati anafikadi mpaka pakhomo, popanda ndodo. Nditavomera anaseka, n'kuyambanso kulira. Akuti sakudziwa kuti awagoneka pati.

Ndinapita kwa Atelala kukapepesa, osadziwa kuti ndikupepesa chiyani, mpando kapena mafizo. Ndinawapeza atavala nsapato, zingwe atamanga okha. Sanandilole kumaliza.

"Kwa mwana wanga kuli masitepe ambiri, eti? Kuseri kwa khitchini kuno ndawaonako ena. Nanga mwaimiranji, adokotala?"

Bondo lamanzere silinakhwime. Masiku otsalawa sangakwane, ndikudziwa, ndipo akagwa pamenepo ndi ine. Ndangolowa muno kudzatenga lamba. Ndikumva kale phazi lija likukwekwereza pakhonde, sakundidikira