Mgolo wa Kachasu pa Njinga Yanga

Loweruka madzulo, Okutobala

Lero mtima wakhala pansi. Akuluampingo anandiitana chifukwa wina anandiona nditanyamula mgolo pa njinga yanga ya kabaza kuchokera ku Zalewa. Mgolowo unali wa mayi ena otcheza kachasu. Ndikanadulidwa mumpingo, mwana wanga Chisomo sakanabatizidwa mawa.

A Kamwendo, mkulu wa mpingo wa dera lathu, anafunsa, "Kodi inu mumadziwa kuti mgolowo ndi wa chiyani?"

Ndinati, "Bambo, ine ndimangomanga katundu basi, sindinunkhiza."

Ena anaseka, koma abusa sanaseke. Anati khanda lisavutike chifukwa cha njinga ya bambo ake, ubatizo uchitika. Kenako anandichenjeza kuti ndikadzanyamulanso katundu wotere, adzandidula ndithu, Mgonero ndidzangouonera patali.

Amake Chisomo atamva analira pang'ono pakhonde, n'kudzuka kukasita kadiresi koyera ka mwana.

Mayi a kachasu aja aimba foni kawiri, sindinayankhe. Ndi iwo amene amandituma kuposa aliyense, ngakhale sopo wochapira matewera amachokera kwa iwo. Lolemba ndikawauza ndekha kuti apeze njinga ina. Za sopoyo sindinaganize bwino…