Chakudya Chopepesera cha Alamu

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi, kapena mukupempherera pakhonde? Nanga chifuwa cha Bambo chinaleka? Ine kuno ndili moyo, Mulungu akusunga. Mukaona zilembo zikupendama ngati mpanda wakale musadabwe, dzanja langa lamanja lili m'bandeji ndipo cholembera ndachigwira ndi zala ziwiri zokha.

Kushopu ntchito ilipo. Tinalandira oda ya mayunifolomu a sukulu ina, moti makina anga aduka lamba kawiri mwezi uno. Denga la chipinda changa likudontha pamwamba pa bedi penipeni, ndiye bedi ndinalikokera pakati. Eni nyumba amangoti mawa, mawa.

Koma si izi zandilembetsa. Pa foni ndayesa kawiri kukuuzani, koma ndimangothera kufunsa za nkhuku. Nkhani ndi ya mwana wanu Mzime ndi amuna ake. Khalani pansi, muwerenge nokha kaye musanawapatse Bambo.

Mwezi watha Mzime anabwera kushopu kuti ndimukulitsire madiresi, pakuti mimba yafika miyezi isanu. Atavula kuti ndimuyeze, ndinaona mikwingwirima kumsana konse, ina yakuda yakale, ina yofiira yatsopano. Anati anaterereka m'bafa. Ndinamufunsa ngati bafa lakwawo limavala lamba. Apo anangogwira kumaso n'kuyamba kulira. Tsiku lomwelo ndinawaimbira alamu, ndipo mawu amene ndinawauza sindingawalembe m'kalata yopita kwa mayi anga.

Patapita masiku atatu anaimba okha, mawu ali ofewa ngati thonje. Anati alakwa, akufuna kupepesa mkazi wawo ine ndikuona, ndipo Lamlungu masana atitengera kokadya kumalo apamwamba. Mzime anandichonderera kuti ndisakane. Ndinavomera chifukwa cha iye.

Amayi, malowo ali pamwamba pa nyumba yosanja, timakwera ndi chikepe. Pakhomo munthu wa suti anatiweramira ngati atidziwa. Matebulo onse anali oyalidwa nsalu zoyera mbee, ndipo ine, utelala susiyika, ndinapinda m'mphepete mwakabisira kuti ndione msoko. Unali wowongoka bwino. Pakona mayi wina ankaimba piyano pang'onopang'ono, anthu akulankhula monong'ona ngati pamaliro. Patsogolo panga panali mafoloko atatu, mipeni iwiri ndi matambula atatu, munthu mmodzi wa pakamwa pamodzi.

Amene ankatiperekera zakudya anali bambo wachikulire wa imvi, weitala wodekha kwambiri. Anatikokera mipando ndi kutiyala tinsalu pamiyendo. Ataona kuti mafoloko andizunguza mutu, anawerama ngati akuthira madzi n'kundinong'oneza kuti ndiziyambira kunja kulowera mkati. Palibe wina anamva.

Poyamba kunabwera buledi wofunda ndi batala woumbidwa ngati duwa, kenako supu ya bowa m'timbale tating'ono. Kunena zoona inali yokoma, ndinalakalaka kunyambita mbale. Alamu anaitanitsa botolo la vinyo, ananunkhiza, anagwedeza mutu ngati akatswiri, n'kumamwa okha. Ife tinkamwa madzi a zipatso. Kenako anayamba kupepesa. Anati ntchito imawapanikiza, anati Satana ndi wochenjera, anati sizidzachitikanso. Anatulutsa ndolo m'kabokosi n'kumuveka Mzime okha. Mwana wanu ankangoyang'ana m'mbale.

Pofika posankha chakudya chenicheni, Mzime anati akufuna nsomba. Alamu anaseka n'kunena kuti munthu sakwera chikepe kudzadya nsomba, ndipo anaitanitsa nyama ya ng'ombe ya tonse atatu. Inabwera aliyense yake, pa chiwaya chachitsulo chokhazikidwa pathabwa, ikulira kuti tswee. Weitala uja anatichenjeza kawiri kuti chitsulocho tisachikhudze. Mzime atadula, mkati munali mofiira, magazi akuchucha. Akuti olemera amaikonda choncho. Iye anangotseka pakamwa ndi kansalu, mseru wamugwira.

Bambo aja anaona. Anabwera mwaulemu n'kufunsa ngati angabwezere nyamayo kukhitchini, kapena abweretse nsomba ija. Anawonjeza kuti mwana wawo wamkazi nayenso ali woyembekezera sankafuna kuona nyama yofiira. Mzime anadzutsa mutu, anamwetulira n'kunena kuti zikomo bambo. Basi. Mlandu wake wonse unali womwewo.

Kuyambira apa ndisiya kumupatsa ulemu munthu uja, mundikhululukire. Anaika foloko pansi n'kumufunsa weitala kuti za mimba ya mkazi wake wazidziwa bwanji. Bambo aja anayankha modzichepetsa kuti zikuoneka, ndipo ngati alakwa akupepesa. Munthu uja anatembenukira kwa Mzime n'kufunsa kuti adziwana liti, popeza tsiku lonse sanamwetulire koma wamwetulira nkhalamba yonyamula mbale. Ankalankhula chapansipansi, mano ali pamtunda ngati akuseka. Ndinaona phewa la Mzime likupendekera mbali imodzi, ndipo ndinazindikira kuti wamupotokola dzanja kunsi kwa tebulo.

Mzime anangoti, "Mukundipweteka." Sanakweze n'komwe mawu.

Anamumenya ndi kuseri kwa dzanja, mphete n'kumung'amba mlomo. Mwana wanu anagwa chagada pamodzi ndi mpando, atakoka nsalu ya patebulo. Matambula anaphwanyika pansi, piyano inaleka. Ndisanadzuke n'komwe, iye anali ataimirira kale, wabweza mwendo m'mbuyo, nsapato yaloza pamimba.

Weitala uja ndiye analowa pakati, manja ali chotambasula. Mawu ake sindidzawaiwala: "Bwana, pamenepo pokha ayi. Menyani ine." Ndipo anawamenyadi. Anatola botolo la vinyo lija n'kuwaphwanyira pamutu. Magazi anatsika kumaso mpaka malaya oyera aja anafiira. Bambo aja anagwada, koma sanachoke. Anagwira pansi ndi manja onse awiri, Mzime ali kunsi kwawo, ngati nkhuku yofungatira.

M'manja mwa munthu uja munatsala khosi la botolo, losongoka ngati mano. Ndinaona akulikweza. Amayi, sindikumbukira kuti ndinaganiza chilichonse. Chiwaya changa chinali chitatsetserekera m'mphepete mwa tebulo, ndipo ndinachinyamula ndi dzanja losavala kanthu. Kutentha sindinakumve. Ndinamumenya nacho patsaya, nyama n'kuulukira patebulo la eni. Anadzandira n'kugwa, botolo lidakali m'manja. Ndinamenyanso padzanjapo, ndipo ndinamva fupa likuthyoka kuti thyo. Ndinakweza kachitatu, ulendo uno ndikuyang'ana mutu. Wophika wamkulu, mayi wojintcha amene anathamanga kuchokera kukhitchini, ndiye anandikumbatira kumbuyo n'kundinyamula m'mwamba. Akanachedwa pang'ono, kalata ino bwenzi ikuchokera kundende.

Anthu a masuti aja palibe anadzuka kudzathandiza. Ena anabwerera m'mbuyo ndi matambula awo, ena ankajambula ndi mafoni. Manejala anafika akupepesa alendo ake tebulo ndi tebulo, kenako anatiuza kuti titulukire khomo lakumbuyo, ndipo apolisi asaitanidwe chifukwa ndi nkhani ya m'banja. Weitala uja anali atakhala pansi, atadzikanikiza nsalu pamutu. Anawauza abwana akewo kuti wagwira ntchito pamalopo zaka makumi awiri ndi ziwiri osawatsutsapo, koma lero akapanda kuimba foni ayenda yekha mpaka kupolisi, magazi ali choncho, kudzera khomo lakutsogolo. Manejala akadali kukanda mutu, mayi wophika uja anali ataimba kale.

Kuchipatala bambo aja anawasoka malo khumi ndi limodzi. Mzime anamusoka mlomo, ndipo dzino limodzi lakutsogolo linatsala pansi paja. Tinadikira nthawi yaitali kuti amupime mimba. Namwino atatimvetsa kamtima ka mwana kakugunda, ndinakhala pansi pa simenti. Apa m'pamene dzanja linayamba kuwawa. Khungu la pachikhatho linatsala pachitsulo chija. Adokotala akuti lipola, koma singano ndiiwale kwa mwezi wathunthu.

Apolisi ananditenga nanenso, popeza munthu uja anathyoka dzanja ndipo tsaya linapsa. Ndinakhala pabenchi mpaka madzulo. Weitala uja anabwera molunjika kuchokera kuchipatala, mutu uli m'bandeji, n'kufotokoza zonse mwa ndondomeko, ndipo apolisi anandimasula. Lachitatu ndinapita kwawo kukawathokoza. Akazi awo anandiuza kuti kuntchito awauza kuti ayambe apuma kaye, ndipo sakudziwa ngati adzawaitananso. Bambo ajawo anangofunsa ngati mwana ali bwino.

Mzime ali kwa ine. Amadya phala lokha chifukwa cha mlomo, ndipo munthu akagogoda pachitseko amathawira kuseri kwa katani. Mwamuna wake anatuluka pa belo tsiku lachiwiri, mlandu ulowa mwezi wamawa. Lachinayi anafika kushopu, dzanja lili m'pulasitala, n'kuima pawindo makasitomala akumva. Anati ndi ine alibe mawu, apita kwa apongozi ake, pakuti inu mumamumvetsa ndipo mudzamuuza mwana wanu kuti abwerere kunyumba kwake.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka ndimukweza Mzime basi kubwera kumeneko. Mumulandire, ndipo munthu uja akadzafika ndi suti yake ndi misozi yake, musadzamubwezenso. Adzagwada, ndikudziwa. Anagwadanso kwa ine ndi mawu, pakati pa supu ndi nyama, ola limodzi lisanakwane n'kuloza nsapato pamimba ya mdzukulu wanu.

Ndikuuzeni chimene chikundiwawa kuposa dzanjali. Mzime akuopa inu kuposa mwamunayo. Akuti mudzamuuza kuti banja ndi kupirira, monga munamuuzira pomuperekeza kubanja. Amayi, ndikudziwa kuti inu munapirira. Mzime anali asanabadwe, koma ine ndinali wamkulu ndithu, ndipo ndinkamva zonse zaka zija Bambo asanasiye mowa. Sindinakuuzenipo. Sindikuwaimba mlandu lero, anasintha ndipo ndimawakonda. Koma inu munali ndi mwayi kuti munatuluka wamoyo, ndipo mwayi si cholowa choti mungamusiyire mwana. Ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga, mudzandikalipire ine. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Za zimene ndinachita, ndapemphera. Kumenya koyamba ndi kwachiwiri sindikudandaula nako. Kwachitatu kuja, kumene sikunafike, ndi kumene kumandisowetsa mtendere, chifukwa ndikudziwa chimene ndinkafuna. Mundipempherere. Tsiku la mlandu likayandikira ndidzabwera ndekha kudzamutenga, ndipo ndidzamubwezanso kwa inu ndekha.

Mupereke moni kwa Bambo. Ngati kalata yonse ndi yolemera, muwawerengere zokhazo mukuona kuti angazinyamule. Moni kwa achimwene ndi alamu akazi awo, muwauze achimwene kuti asanyamuke kubwera kuno ndi ukali, zachitikazi zakwana. Moni kwa azakhali, kwa amalume, ndi kwa ana onse a pakhomopo.

Basi imafika cha m'ma folo koloko madzulo. Mukamuchingamire nokha, musatume munthu. Mukaona nkhope yake musamufunse kanthu pasiteji. Mungomulandira chikwama, muzipita naye kunyumba.

Tsalani bwino Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Telala wanu