Mbaula Isabwerere M'garaji

Ba Foster,

"Mbaula siyembekeza malaiti," munatero dzulo. Ine ndinati malasha ndi matabwa sizikhala chipinda chimodzi. Ndawina ndine. M'mawa uno moto unathethekera pa zopala za matabwa, ndauzimitsa ndi tiyi wanu. Pepani, ovolosi yanu yapsa thumba limodzi chabe.

Ndathamangira ku Nangongwe kukatenga hita ya magetsi kwa mnzanga Marvin. Tsegulani garaji utsi utuluke, ndipo mbaulayo musaibwezemo. Malaiti akapita tizivala majuzi awiri, Juni sanaphepo kalipentala.

Koma ndinene zoona, achimwene. Mtsikana uja Olivia abwera Loweruka kudzaona kampando kamene ndamupangira, ndipo utsi umamutsokomoletsa. Atabwera tsiku lija anathawa utsiwo asanakhale n'komwe. Ulendo uno ndifuna akhalitse.

Daliso