Dzina langa pansi pa ntchito ya amalume

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, tikudzuka. Ndachedwa kukulemberani, ndipo mukadakhala pano mukadanena kuti makina aja andidya mutu. Simukadanama.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Tiyanjane anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kamwanako katenga mphumi yanu yeniyeni, mpaka kakwinyidwe kake kakafuna bere. Kumunda kwanu ku Bundabunda chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanakhwime, tinangopulumutsa mtedza ndi mbatata pang'ono. Anthu kumeneko tsopano maso onse ali pa madimba. Kuno ku Silverest tinalowa m'nyumba ngakhale pulasitala sanathe, ndipo fumbi la mumsewu tikudyera limodzi ndi ndiwo. Mdzukulu wanu Dalitso wayamba sukulu, nsapato akutaya ngati zimamera pamtengo.

Koma chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mlongo wanu, amalume a Yohane.

Mukukumbukira kuti ine ndi iwo timagwira ntchito pakampani imodzi, ija yopanga timabokosi toyendetsa mapampu a sola m'madimba. Munkauza amayi a kutchalitchi kuti mwana wanu amakonza mawailesi, ine nkumangoseka. Lero ndikufotokozereni bwino. M'kabokosi kalikonse muli kompyuta yaing'ono, ndipo pansi pa mapulogalamu onse pali pulogalamu yaikulu imene timaitcha kenelo. Ntchito yake ina ndi kugawa memori, ndiwo malo amene pulogalamu imaikapo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Zili ngati mbale za mpingo zimene munkasunga inu. Pamaliro munkagawa, munthu akatha kudya nkutenga, kutsuka, kupatsa wina. Mbale zikapanda kubwerera, ena amagona ndi njala. Vuto lathu linali lomwelo: memori inkapita osabwerera, kabokosi nkusowa pogwirira ntchito, pampu nkuzima.

Amalume analimbana nalo vutoli nyengo yonse ya mvula, mpaka anapeza pamene memori inkatsakamira. Anasintha kenelo kuti izilanda malowo msanga. Bwana anawagwira chanza pamaso pa tonse, ndipo ndinawaona akuyenda mowongoka koyamba chichokereni inu. Koma lamulo lathu ndi lakuti kusintha kulikonse mu kenelo kuwerengedwe ndi munthu wachiwiri, amene amaika dzina lake pansi kutsimikiza kuti palibe cholakwika. Odziwa kenelo pakampani ponse tilipo awiri, iwo ndi ine.

Ndinawerenga mzere ndi mzere, zonse zinkaoneka zoyera. Koma kabokosi koyesera patebulo panga kankachita misala mwa apo ndi apo, lero bwinobwino, mawa kayamba kunama. Ndikaikamo timauthenga toti ndione pamene kakupunthwa, vuto linkabisala, chifukwa timauthengato timachedwetsa zinthu pang'ono. Mtima unandipsa mpaka ndinakalipira Dalitso wosalakwa. Kenako ndinauza kenelo kuti malo alionse amene yalanda iziwadzaza ndi nambala imodzi yachilendo. Posakhalitsa nambala ija inatulukira m'chigawo choyeza madzi a m'chitsime. Ndiye kuti kusintha kwa amalume nthawi zina kumalanda mbale munthu akadali kudya. Chigawo chimenecho chikawerenga zabodza, pampu imapitiriza kukoka chitsime chitauma, mpaka kupsa. Ndipo timabokosi tatsopano tokhala ndi kusinthaku tikupita ku Bundabunda komweko, kwa anthu amene chimanga chawapsera kale.

Amayi, apa ndi pamene ndinapanikizika. Zimene wowerenga walemba amaziona aliyense, ndi bwana yemwe. Bwanayo wakhala akung'ung'udza kuti amalume akula, akapume, ndipo ntchito iyi ndiyo inamutseka pakamwa. Ndikasaina, mapampu a anthu apsa dzina langa lili pansi. Ndikakana, ndawachotsa ntchito ndi dzanja langa amalume amene anandikhazika pakompyuta ndisanadziwe nkomwe kumanga chitenje, ankhoswe a banja langa, amene anayendetsa maliro anu osagwetsa msozi mpaka anthu onse atabalalika. Munkati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinkayesa mukunena za ana a eni.

Ndinachita monga munandilerera. Mwana sadzudzula ankhoswe ake pamaso, ndiye ndinakwera minibasi kupita kunyumba kwa amalume ku Chalimbana iwo ali kutauni, kukalankhula ndi akazi awo, anti a Esinati. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, za memori, za nambala yachilendo, za chitsime. Anti anamvetsera akusenda mtedza, nkuti, "Va makompyuta ine siniviziba mwana wanga, koma nizabauza bwinobwino." Tangoganizani, Amayi, mizere ya kenelo kudutsa pakamwa pa anti. Umboni wonse unagwera panjira. Chimene chinafika kwa amalume ndi chakuti mwana wa achemwali awo akuti ntchito yawo ndi yolakwika, ndipo wauza kale akazi awo.

Anandiimbira foni m'mawa mwake. "Iwe Misozi, manje wayamba kunitumila mameseji kupitila ku khichini? Ngati nalakwa, sunganiuze mu ofesi monga injiniya munzanga?" Ulemu umene ndinkayesa ndikuwapatsa ndiwo unawavula.

Ndinapepesa, nkuwapempha kuti ndiwatumizire mizere yokonzera, aiike okha m'dzina lawo, nkhani ithere pomwepo. Ndi mizere yochepa chabe, yongouza kenelo kuti idikire mpaka chigawo choyeza madzi chitatsiriza. Anayankha kuti, "Kabokosi kanga kasebenza bwino, sikanafepo. Sininafike polembelewa nchito na mwana." Sananame, kawo sikanafepo. Vutoli limafuna kuti zinthu ziwiri zichitike pakamphindi kamodzi, ndipo munthu akhoza kudikira sabata osaliona. Ndinawanyamulira kanga kuti adzionere okha. Tsiku lonse kanagwira ntchito ngati mwana wabwino pamaso pa alendo, iwo atapinda manja, ine thukuta lili kamukamu.

Munthu mmodzi yekha padziko lino ankatha kuwakhazika pansi amalume, ndipo ndinu. Mukadangoti, "Yohane iwe, wakutsina khutu ndi mnansi, tamvera mwana," iwo nkudandaula pang'ono, nkupempha tiyi, basi. Ndinayesa kuganiza za wina. Bambo a Dalitso ndi mkamwini, sangatsegule pakamwa. Abusa angafunse kuti kenelo ndi ndani. Ndakwiya nanu, Amayi, ndinene zoona. Munapita ndi kiyi wa munthu ameneyu.

Dzulo bwana anati lole ikubwera kudzatenga timabokosi, akufuna yankho langa. Ndinayang'ana malo osainira aja mpaka maso anawawa. Lero m'mawa ndalemba. Ndinayamba ndi kuyamikira kuti vuto loyamba analipeza ndi iwo ndipo analipeza bwino, chifukwa ndi zoona. Kenako ndinaika umboni wonse, mzere umene walakwika, ndi mmene ungakonzedwere. Pomaliza ndinalemba kuti sindingaike dzina langa pansi pa kusinthaku mmene kulili. Ndinatumiza.

Bwana wayankha kuti lole idikire, ndipo akufuna kuonana ndi amalume Lolemba muofesi mwake. Amalume nawo ayankha, mzere umodzi wokha, pamaso pa onse: "Zikomo amai Banda, naona."

Amai Banda. Munthu amene ankandipukuta mamina ndi mpango wake, chibadwireni sananditchulepo choncho, ngakhale patsiku la ukwati wanga. Ndakhala pano chiwerengereni mawuwo, tiyi wazizira, ndipo sindikudziwa ngati ndapulumutsa madimba kapena ndangotaya amalume.

Pumani bwino, Amayi, ndimakukondani monga kale. Ndikulonjeza kuti mlongo wanu sindimusiya. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Chalimbana, ulendo uno osadzera kukhichini, ndipo ndikakhala pakhonde pawo mpaka atandiitana ndi dzina langa.

Ndine mwana wanu,
Misozi