Mabulauzi a Mkono Umodzi Waukulu

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wanga. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga miyendo ya alamu yasiya kuvuta? Kuno ine ndi mwana tilipo, kungoti nyumba yatikulira.

Lero akwana masabata atatu chiikireni mlamu wanu m'manda. Pafoni paja sindinakuuzeni zonse, ndiye ndati ndilembe.

Mukudziwa kuti chimuchotsereni bere zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mkono wake wamanzere unkangokhala wotupa. Tinauzolowera. Ankadzisokera yekha mabulauzi, mkono wina waukulu, wina wabwinobwino, n'kumaseka kuti telala wina atawaona angati anaphonya muyeso. Chaka chatha pamkonopo panatuluka timadontho tofiirira modera. Iye anati wadzigunda patebulo la makina osokera. Ine ndinavomereza, mpaka ndinakulunga kansalu pangodya ya tebulolo. Miyezi isanu yonse tinkaimba mlandu tebulo.

Titapita kuchipatala, dokotala anati ndi khansa ina, ya m'mitsempha ya magazi, yosaonekaoneka, imene imayamba pamkono woti wakhala wotupa zaka zambiri. Anati tachedwa. Ine amene ndimaswera m'mabuku kulaibulale tsiku ndi tsiku, ndinalephera kuwerenga mkono umene unkagona pambali panga. Kansalu kaja kakadali pangodya pomwepo. Manja akukana kukamasula.

Mwana wayambanso sukulu, koma sakudya bwino. Dzulo anafunsa ngati makinawo tiwagulitse. Ndinamuuza kuti tidikire kaye.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Inunso anakuchotsani bere lamanzere, ndipo ndimaona mmene mumaubisira mkono wanu m'nsalu. Paja mlamu wanu ankati inu awiri mukaphatikizana mumakwana mayi mmodzi wathunthu. Dokotala ananditsimikizira kuti ambiri otupa mkono sadwala matendawa, choncho musade nkhawa. Koma chonde muziuyang'ana powala. Mukaona kadontho kachilendo, musanamizire chitseko kapena mpando. Pitani kuchipatala sabata lomwelo, alamu akuperekezeni.

Ndatumiza mabulauzi ake anayi pamodzi ndi kalatayi. Ali m'chipatala anati ndidzakupatseni inuyo, poti sangakwane munthu wina. Yobiriwirayo sanamalize kupinda m'munsi. Singano ndaisiya pomwe anaisiya, musamale chala.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi