Kanathera pa Tomasi

Lachitatu, 12 Malichi. Kwatentha tsiku lonse, ndipo matope amene madzi osefukira anasiya akununkhabe.

Mkamwini wanga anabwera m'mawa kuchokera ku Marka kudzatenga Zuze, mdzukulu wanga. Akuti analowola, choncho mwana ndi wakwawo ngakhale mayi ake anamwalira. Ndinati, "Tamuonani nkhope mwanayu, ndi ine ndemwe." Iye anangomanga zovala za mwana m'chitenje.

Atapita, ndinafunsa Malita, mwana wanga amene akuphunzira unamwino, ngati mwa Zuze mulidi ine.

"Magazi anu alimo, ababa. Koma kanthu kamene kamachititsa kuti mwana abadwe wamwamuna, timakatcha Y, kamachoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna okha. Ka Zuze ndi ka alamu."

Ndinafunsa za kanga. Anayang'ana pansi.

Ndiye kuti kanachoka kwa agogo, kudzera mwa abambo, kufika kwa ine, ndipo ine ndinakapereka kwa Tomasi, mwana wanga wamwamuna yekhayo. Tomasi anapita ndi madzi ku Makhanga asanakwatire, mtembo osaupeza. Nthawi yonseyi ndimayesa kuti madzi aja anatenga munthu mmodzi.